Chipatala chikamira, geni ya pachipata imamira nacho limodzi

Pachipata cha chipatala chilichonse m'dziko muno pali msika. Ungachepe bwanji, koma ulipo. Pali mayi wa mandasi ndi zitumbuwa, bambo wa nthochi ndi malalanje, mnyamata wa mayunitsi amene alinso ejenti wa Mpamba ndi Airtel Money, wogulitsa mabeseni, zitenje, makandulo ndi malezala a amayi oyembekezera, wa makala ndi nkhuni za magadiyani, ndiponso akabaza amene afola pamthunzi kudikira odwala otuluka. Anthu onsewa makasitomala awo sabwera chifukwa chakuti mandasiwo ndi okoma kuposa a kwina. Amabwera chifukwa chipatala chatsegula. Tsiku la sikelo kapena lolandira mankhwala a ma ARV, mayi wa mandasi amatsiriza beseni dzuwa lisanafike paliwombo. Chipatala chikatseka, beseni lomwelo limabwerera kunyumba lodzaza.

N'chifukwa chake sabata ino tapumako kaye pa mitengo ya nyemba ndi tomato kuti tikambe za madzi osefukira ndi zipangizo za m'chipatala. Ena anena kuti imeneyo ndi nkhani ya boma ndi madokotala. Mbali yake ndi zoona. Koma mbali yaikulu ya ntchito yoteteza chipatala chaching'ono cha kumudzi ndi ya kalipentala, wowotcherera, womanga, wogulitsa matumba, wa ngolo yotuta mchenga ndi komiti ya msika. Ndi ntchito yotsika mtengo poyerekeza ndi katundu amene imapulumutsa, ndipo muli ndalama kwa amene wachangamuka msanga.

Tikumbutsane pang'ono kumene tachokera. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira kotero kuti boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Dera la Makhanga ku Nsanje, lomwe lili pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, linasanduka chilumba, ndipo thandizo linkafika pa boti ndi pa helikopita. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai, malo omwewo anamiranso. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya mphamvu za magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kenako mu Malichi 2023 anafika Freddy. Napolo anatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, anatsikanso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, enanso mazana ambiri sanapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Chipatala cha Nkhulambe ku Phalombe chinalowedwa matope ndi mchenga mpaka ntchito kuima. Msewu wa M1 wotsikira ku Chikwawa ndi Nsanje unaduka, ma ambulansi osadutsa. Zonsezi zinachitika dziko lili mkati molimbana ndi kolera amene anayamba mu Malichi 2022 ndipo anapha anthu oposa 1,700.

Kanayi m'zaka zisanu ndi zinayi. Wamalonda aliyense amadziwa kuti chinthu chobwera kawirikawiri chotere sichitchedwanso tsoka. Chimalowa m'buku la ndalama zotuluka, pamodzi ndi lendi ndi tikiti ya msika.

Zimene madzi amaononga

Anthu ambiri akamva kuti chipatala chaonongeka ndi madzi amaganiza za khoma logwa kapena denga losasuka. Zimenezo zimachitika, koma kawirikawiri nyumba imatsala chilili. Chimene chimapita ndi katundu wa mkati, ndipo madzi sachita kufika m'chiuno kuti aononge. Ofika m'kakolo okha ndi okwanira kuononga katundu wa mamiliyoni.

Tiyambe ndi furiji ya katemera. Katemera wambiri wa ana amayenera kusungidwa pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatentha mphamvu yake imatha, ndipo wina amaonongekanso akazizira mpaka kuuma ngati ayisi. Pa botolo la katemera wambiri pamakhala kachizindikiro kozungulira kokhala ndi kabokosi koyera pakati. Kabokosiko kakada kufanana ndi mphete yake, katemerayo ndi wotaya. Tsono furiji imeneyi injini yake imakhala pansi penipeni, monga momwe ilili ya m'golosale mwanu yoziziritsira zakumwa. Madzi akalowa m'chipinda, choyamba kumira ndi injiniyo. Akakwera pang'ono, furiji yotseka bwino imayandama ngati bwato, n'kupendekeka, chivindikiro n'kutseguka. Amene munatayapo furiji ya mafrizesi mwezi wa Malichi uja mukudziwa zimene tikunena.

Makina opatsa odwala mpweya wa okosijeni, aja amayenda pa timatayala pambali pa bedi, nawonso amakhala pansi, ndipo amakoka mpweya wa m'chipinda kudzera m'tosefera. Madzi a matope akalowamo, makinawo atha. Chimodzimodzi makina ophikira zipangizo kuti zikhale zopanda tizilombo, sikelo ya magetsi, makina oyezera magazi, mabatire ndi inveta ya sola, komanso jenereta imene nthawi zambiri imaikidwa m'kanyumba ka kuseri, pamalo otsika amene palibe anawafuna. Ngakhale maikulosikopu amene anali pa tebulo madzi osamukhudza amatha kuchita nkhungu m'magalasi chipinda chikakhala chachinyontho masabata angapo.

Kenako kusitolo ya mankhwala. Makatoni a LA, ma ARV, mankhwala a TB, mapaketi a Thanzi, tizipangizo toyezera malungo, magolovesi, thonje ndi mabandeji, zonsezi zimabwera m'makatoni a pepala. Katoni ya pansi ikanyowa imafewa, mulu wonse n'kugwera m'madzi. Mulinso mabuku a kaundula olembamo odwala. Awa sagulidwa pena paliponse. Buku lolemba anthu olandira ma ARV likasungunuka, adokotala amayambiranso kufunsa munthu mmodzimmodzi kuti anali pa mankhwala ati.

Ndipo madzi osefukira si madzi a pampopi. Amakhala atadutsa m'zimbudzi zokumba, m'dzala, m'khola ndi m'dzenje lotayamo zonyansa za chipatala chomwecho. Chilichonse chimene chamwa madziwo, monga matiresi ong'ambika, thonje kapena mabandeji, sichingangoyanikidwa padzuwa n'kubwezeredwa kwa wodwala.

Apa tiikepo nkhani ya ndalama, popeza ndiyo yathu. Pafupifupi chipangizo chilichonse tatchulachi chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makina amene anamira mu Malichi 2023, kuwagulanso chaka chotsatira kunali kulipira mtengo wina ndithu. Inu amene mumapikula katundu ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku China mukudziwa m'mene zimapwetekera kubwezeretsa katundu wotayika mitengo itasintha. Chipatala cha kumudzi sichingakwere basi kukaoda furiji ina mawa lake. Chimadikira, mwina miyezi, mwina chaka, ndipo nthawi yonseyo amayi a sikelo amapita kwina, ndalama zawo za mandasi n'kupita nawo.

Ngakhale olemera anagwa m'mbuna yomweyi

Tisaganize kuti vutoli ndi la umphawi wokha. Mu Okutobala 2012 namondwe wa Sandy anagunda mzinda wa New York ku America. Chipatala cha Bellevue chinali ndi jenereta yabwinobwino, ndipo anaiika pamwamba, pa nsanjika ya nambala 13, kuti madzi asaifike. Koma mapampu okweza mafuta kupita ku jeneretayo anali m'chipinda cha pansi pa nthaka. Madzi atadzaza m'menemo mapampu anazima. Ogwira ntchito pamodzi ndi asilikali anafola pamasitepe n'kumapatsirana zigubu za mafuta dzanja ndi dzanja kukwera nazo pamwamba, ndipo pamapeto pake odwala mazanamazana anasamutsidwabe. Pa chipatala china choyandikana nacho, cha NYU Langone, manesi anatsika masitepe mumdima atanyamula makanda odwala kwambiri, akuwapopera mpweya ndi manja.

Ku Houston nako, mvula ya namondwe wa Allison mu 2001 inamiza zipinda za pansi za zipatala zikuluzikulu za Texas Medical Center. Atatero anakweza zipangizo za magetsi n'kuika zitseko zachitsulo zotchinga madzi, ndipo Harvey atabwera mu 2017 zipatala zambiri za pamenepo zinapitiriza kugwira ntchito.

Ife tilibe ndalama za zitseko zoterozo, ndipo palibe akunena kuti tizigule. Chimene tingatole pa nkhani ya Bellevue n'chakuti kukweza chinthu chimodzi n'kusiya chinzake chimene chimachidyetsa n'kungotaya nthawi. Mapanelo a sola ali padenga, inde, koma mabatire ali pati? Jenereta ili pa nsanja, nanga dilamu ya dizilo? Furiji mwaikweza, koma soketi yake ili chala chimodzi kuchokera pansi. Mmisiri amene amafunsa mafunso amenewa ndi amene amaitanidwanso ulendo wachiwiri.

Ntchito imene ilipo

Malangizo osungira mankhwala amene amatsatidwa m'maiko ambiri amati makatoni akhale masentimita osachepera 10 kuchokera pansi, masentimita 30 kuchokera kukhoma, ndipo mulu usapitirire mamita awiri ndi theka. Pamenepo pokha pali kale ntchito ya akalipentala, yokhoma mapaleti. Koma dziwani kuti masentimita 10 amenewo anawaikira chinyontho cha pansi ndi madzi okolopera, osati Ruo akakwiya. Kumalo kumene madzi analowapo kale, muyeso weniweni uli pakhoma. Pitani mukaone mzere wa matope umene unatsala, ndipo ngati anapakapo penti funsani mlonda kapena agogo oyandikana ndi chipatalacho kuti mu 2015 ndi mu 2023 madzi analekezera pati. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Shelefu yoyamba ya katundu wodula iyambire pamwamba pa mzere umenewo, muonjezerepo dzanja limodzi kapena awiri.

Mashelefu achitsulo cha engo ndi abwino kuposa a matabwa a paini, chifukwa matabwa akamwa madzi amatupa, kupindika ndi kuchita nkhungu. Koma achitsulo kapena a matabwa, onse amangiriridwe kukhoma ndi mabawuti. Shelefu yongoimika imagwa madzi akayamba kuyenda m'chipinda, ndipo katundu amene anali pamwamba potetezeka ndiye amagwera pansi. Masilinda a okosijeni ndi a gasi amangidwe ndi tcheni kukhoma. Omanga angamange nsanja ya njerwa ndi simenti ya furiji, mabatire ndi jenereta. Si ntchito yaikulu, mmisiri ndi womuthandiza amaitsiriza m'masiku owerengeka. Furiji yolemera isakwezedwe mpaka namwino kulephera kusuzumiramo, choncho pamafunika kasitepe kolimba kutsogolo kwake. Zazing'ono ngati zimenezi ndi zimene zimasiyanitsa mmisiri ndi wongokhoma misomali.

A zamagetsi ali ndi yawo: kukweza masoketi, kukweza bokosi la mafyuzi, ndi kuonetsetsa kuti pali posiwitcha pamodzi pozimitsira magetsi onse madzi akayamba kulowa. Ameneyu akhale mmisiri wa mapepala, osati wa kuseri. Ndipo mawu awa ndi a tonse, a kuchipatala ndi a m'golosale omwe: chipangizo cha magetsi chimene chanyowa musachiyatse kuti muone ngati chikugwirabe ntchito. Kuyatsako ndi kumene kumachipha. Matope otsalira mkati amadutsitsa moto pamalo osayenera, waya n'kupsa. Chichotseni kumagetsi, chotsani batire ngati ilipo, ndipo chidikire wodziwa adzachitsegule, kuchitsuka ndi kuchiumitsa. Makina a m'chipatala akonzedwe ndi amisiri a zipangizo za chipatala okha, popeza makina opereka mpweya wosakwanira amaoneka ngati akugwira ntchito pamene wodwala akutsamwa.

Kunja kwa nyumba kuli ntchito ya khasu ndi fosholo. Ngalande yozungulira chipatala, ngalande yopatutsa madzi ochokera kumtunda asanafike pakhoma, kakhoma kafupi pakhomo la sitolo ya mankhwala, kukhomanso malata ogwedera ndi kumata mabowo a misomali. Madzi ambiri amene amaononga mankhwala salowera pakhomo ayi, amadontha kuchokera padenga usiku wonse pamwamba pa katoni imodzimodzi.

Ogulitsa matumba akutha a feteleza ndi chimanga, apa pali msika wanu. Thumba la mchenga lotchingira madzi silidzazidwa mpaka kukamwa. Limathiridwa kupitirira theka pang'ono, kukamwa n'kupindira pansi, kenako n'kuyalidwa ngati njerwa, la pamwamba kugona pa mpata wa awiri a pansi, n'kupondaponda kuti agwirane. Lodzaza kwambiri limakhala lozungulira ngati dzungu ndipo madzi amadutsa m'mipata. Koma musanamize kasitomala. Matumba amathandiza pa madzi osaya oyenda pang'onopang'ono. Napolo wonyamula miyala ndi mitengo satchingidwa ndi thumba, ndipo chipatala chimene chili m'njira ya napolo mankhwala ake ndi kusamuka basi, imene ndi nkhani ya akhonsolo ndi unduna.

Pali katundu winanso wooneka wamba amene amafunika kwambiri: mabigiri ndi zidebe zapulasitiki zokhala ndi zivindikiro zothina. M'menemo mumalowa mabuku a kaundula, tizipangizo toyezera malungo, makina ang'onoang'ono oyezera shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matochi ndi mabatire ake. Chenjezo likabwera pa wailesi, anthu awiri angathe kunyamula zonsezo kupita nazo kumtunda m'mphindi zochepa. Odwala nawonso amafuna posungira buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala a mwezi wonse. Wogulitsa pachipata amene ali ndi timabokosi tapulasitiki totseka bwino kapena timatumba tochindikala ta zipi sangasowe wogula nyengo ya mvula. Majumbo opyapyala aja asiyeni. Ndi oletsedwa, komanso ndi omwewo amene amatseka ngalande.

Kulowa bwanji pa ntchito zimenezi

Apa pafunika kudekha. Chipatala chaching'ono cha boma sichisunga ndalama zogulira zinthu zikuluzikulu. Zambiri zimadutsa ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu ndi kukhonsolo. Kumeneko adzakufunsani satifiketi yolembetsa bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, akaunti ya kubanki ya dzina la bizinesiyo, ndi kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Kuyambira 2020 pali lamulo lopereka mpata wapadera kwa mabizinesi ang'onoang'ono a Amalawi pa zogula za boma, koma mpatawo umapindulira yekhayo amene ali ndi mapepala. Ngati nokha simungakwanitse, gwirizanani anthu angapo, kalipentala, wowotcherera ndi womanga, mulembetse dzina limodzi.

Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, makiliniki a anthu wamba ndi mafamase nthawi zambiri amagamula msanga, chifukwa mwini wake kapena woyang'anira ali pomwepo. Kwa oyamba kumene, kumeneko ndiye koyambira. Palinso komiti ya chipatala, ya anthu a m'mudzi momwemo, imene imadziwa pamene pakudontha ndiponso mabungwe amene akuthandiza chipatalacho. Pitani mukadzionetse, ndi zithunzi za ntchito yanu m'foni.

Polemba koteshoni, lembani kuti mtengowo ugwira ntchito masiku angati. Simenti ndi chitsulo sizikhala pa mtengo umodzi miyezi itatu. Musayambe ntchito ndi mawu a pakamwa. Dikirani chikalata cha oda chosainidwa ndi chodindidwa. Ndipo si chinsinsi kuti malipiro a m'maofesi ena a boma amachedwa. Amalonda ambiri ang'onoang'ono anagwa osati chifukwa chosowa oda, koma chifukwa cholandira oda yaikulu kuposa mpamba wawo, n'kukongola katapila kuti aikwaniritse, cheke n'kutuluka chiwongoladzanja chitadya kale phindu ndi mpamba womwe. Tengani ntchito imene mungaipirire ngakhale ndalama zitachedwa. Wokuuzani kuti mupereke kaye kenakake kuti pepala lanu liyende akukuikani m'mlandu umene wopereka ndi wolandira onse amamangidwa nawo.

Mbali yathu ya mlandu

Tisamangoloza ena chala. Yendani m'ngalande imene imadutsa kutsogolo kwa chipatala cha kwanu mwezi wa Okutobala, muone zimene zili m'menemo: makoko a nthochi, zotafuna za nzimbe, zitsononkho, mabotolo, majumbo a tchipisi. Zambiri zinachokera pa mabenchi athu. Ena tinamanga okala pamwamba penipeni pa ngalande, ena tinaikwirira kuti makasitomala azidutsa bwino. Mvula yoyamba ikagwa madzi amasowa njira, amadumpha msewu, ndipo potsika pafupi ndi pakhomo la chipatala. Si madzi onse olowa m'chipatala amene amabwera ndi namondwe wa dzina. Ambiri amabwera ndi mvula wamba ya ola limodzi imene yapeza ngalande yotseka.

Komiti ya msika wa pachipata ingathe kuthetsa zimenezi popanda kudikira aliyense. Tsiku limodzi pa mwezi, mvula isanayambe ndiponso ili mkati, benchi iliyonse ipereke munthu kapena kandalama ka ganyu. Ndi inshuwalansi yotsika mtengo kuposa ina iliyonse, ndipo akuluakulu a chipatala akaona zotere savuta kumvana nawo tsiku limene pabuka nkhani yochotsa mavenda pachipata.

Nkhani ya makala ndi yovutirapo, ndipo tikudziwa kuti ena mwa owerenga ndiyo imawadyetsa. Mvula ya Freddy inali yoopsa moti ngakhale phiri la mitengo likanagumuka pena. Komabe phiri lometedwa silisunga madzi; limawatsanulira pansi nthawi imodzi, pamodzi ndi dothi lake. Chimodzimodzi okumba mchenga ndi oumba njerwa m'mphepete mwa mtsinje umene uli kumtunda kwa chipatala: gombe likadyeka, mtsinje umasintha njira. Amene mukufuna mchenga wa matumba aja, musakaukumbe pagombe loteteza nyumba imene mukuti mukuiteteza.

Katundu wotsika mtengo wa pambuyo pa madzi

Madzi akaphwa pamabuka malonda a mtundu wina, ndipo apa tikuchenjezani mwamphamvu. Kumene kwaonongeka katundu sikusowa ofuna kupezerapo. Wina angakupezeni pabenchi ndi katoni ya mankhwala a mutu, a malungo kapena makapisozi, mtengo wake theka, n'kunena kuti angonyowa kunja kokha. Musagule. Mankhwala amene akhudzidwa ndi madzi osefukira amayenera kupatulidwa n'kuonongedwa. Chinyontho chimalowa ngakhale m'paketi yooneka yotseka. Zizindikiro zake ndi katoni ya mawanga a matope, zilembo zofufutika, kapepala konyezimira kotupa kapena kosupuka, mapilitsi ofewa kapena osintha mtundu, ufa woundana. Koma ena saonetsa chizindikiro chilichonse, amangokhala opanda mphamvu, ndipo mwana wa malungo amene wamwa amapitirira kudwala makolo akuganiza kuti walandira thandizo.

Kugulitsa mankhwala a mtundu umenewu popanda chilolezo cha bungwe la PMRA ndi mlandu pawokha, ndipo kupezeka ndi mankhwala a boma ndi mlandu winanso. Chimodzimodzi mabatire, mapanelo a sola, matiresi ndi mabedi a chipatala amene wina akuti anatola m'matope. Chotoledwa pabwalo la chipatala n'cha chipatala. Phindu la katoni imodzi silingalipire loya.

Kwa ogulitsa zakudya, nthawi imene madzi angophwa kumene ndi imene kolera amayenda. Zitsime ndi mijigo zimakhala zitalowedwa zonyansa. Thirani WaterGuard kapena klorini m'madzi ophikira ndi otsukira mbale, vindikirani chakudya, ikani ndowa ya mpopi ndi sopo pamene kasitomala akuiona. Akhonsolo akaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika chifukwa cha kolera, monga zinachitikira m'mizinda ina pa mliri uja unayamba mu 2022, chiletsocho chimagwera aukhondo ndi auve omwe, choncho yang'anani ndi benchi ya mnzanu.

M'golosale mwanu namo

Zonse tanena za sitolo ya mankhwala zikukhudza sitolo yanu. Shuga, mchere, ufa, sopo waufa, simenti ndi feteleza ndi katundu amene madzi ofika m'kakolo amamutsiriza. Ambirife timaika zolemera pansi ndi zopepuka pamwamba chifukwa ndi zosavuta kunyamula. Nyengo ya mvula funso lisinthe: n'chiyani chikanyowa sichibwerera? Mabotolo a mafuta ophikira, zakumwa ndi zidebe zingakhale pansi, shuga akwere. Buku la ngongole likhale m'chidebe chotseka, ndipo masamba ake muziwajambula pafoni kumapeto kwa sabata, chifukwa buku likasungunuka okongola ambiri amadwala matenda oiwala. A banki m'khonde achite chimodzimodzi ndi bokosi lawo.

Ndalama zambiri zikhale m'foni kapena kubanki, koma osati zonse. Pa nthawi ya Ana ndi ya Freddy magetsi anazima, netiweki n'kuvuta m'madera ena, ndipo amene analibe ndalama m'manja anavutika kugula ngakhale mchere. Kandalama ka masiku angapo kakhale m'botolo lotseka, pamalo okwera. Amene mumakhala kutsidya kwa mtsinje ndipo pakhomo pali wodwala shuga, BP, khunyu kapena wolandira ma ARV, kambiranani ndi achipatala mvula isanalimbe za mankhwala okwanira nthawi imene mlatho ungaduke.

Nthambi yoona zanyengo imalengeza m'mene mvula ya chaka ikuyembekezeka kugwera dzinja lisanayambe, ndipo namondwe akamayandikira imachenjeza pa wailesi masiku angapo asanafike, pamodzi ndi nthambi ya DoDMA. Koma masiku angapo amenewo ndi onyamulira katundu kupita naye kumtunda, si owotcherera mashelefu. Nthawi ya ntchito zimenezi ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Matumba akutha amapezeka ambiri anthu akatha kugulitsa zokolola, mchenga umatutika mitsinje ili youma, simenti imauma bwino, ndipo misewu yopita kumidzi imadutsika. Pofika Januwale ngolo siifika kumtsinje, matumba ogula achuluka, ndipo wa lole amaonjezera mtengo wa matope. Amene mukufuna ntchito ya chaka chino, koteshoni yanu ifike pa tebulo la woyang'anira chipatala mwezi wa Ogasiti usanathe, mutayeza kale kutalika kwa mzere wa matope pakhoma lake.